Oda yaikulu imene inatsala pang'ono kutseka bizinesi yanga

Mu Okutobala 2023 ndinalandira foni imene ndinakhala ndikuipempherera kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinali pakhonde la kuseri, lichero lili pamiyendo, ndikusankha mtedza pamodzi ndi amayi awiri amene amandithandiza. Woyimbayo anali bambo woona zogula katundu pa sitolo ina yaikulu, ya nthambi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Anati chiponde changa achilawa, achikonda, ndipo akufuna mabotolo 3,000 mwezi ndi mwezi. Nthawi imeneyo ndinkapanga mabotolo 500, mwezi ukayenda bwino. Foni itadulidwa ndinalowa kuchipinda n'kugwada, misozi ili chuchuchu.

M'chisangalalo chimenecho sindinalabadire mawu amene bamboyo anawanena mothamanga kumapeto: "Malipiro ndi pakatha masiku 60, mayi, monga timachitira ndi aliyense."

Ndikulemba izi chifukwa amayi ambiri amandifunsa momwe angayambire geni, ndipo ndimawayankha mosavuta. Kuyamba timakudziwa. Tinakuona kwa amayi athu ogulitsa zitumbuwa, tinakuphunzira m'misonkhano yambirimbiri ya mabungwe. Chimene sitikambirana mokwanira ndi malo apakati aja, pamene bizinesi yakula moti banki m'khonde singathenso kuinyamula, koma ikadali yaing'ono moti banki ya m'tauni siikuiona. Pamenepo ndi pamene ndaona anzanga ambiri akugwa, katundu wawo ali wabwino, makasitomala akumufuna.

Ine ndinayamba mu 2016 ku Area 25, ndi ndalama ya ku banki m'khonde ndi matumba awiri a mtedza wa CG7 ochokera kwa amayi anga ku Mchinji. Ndinkakazinga pa chiwaya, kufikisa ndi manja kuti makoko achoke, kupeta, kenako kukagayitsa kwa munthu wina amene anali ndi makina. Ndinkagulitsa kutchalitchi, m'maofesi, ndi pa WhatsApp. Ubwino wa geni yaing'ono ndi wakuti imadzidyetsa yokha. Wagulitsa Lachisanu, ndalama ili m'manja, Lolemba waoda mtedza wina. Palibe tsiku limene ndinkasowa tulo chifukwa cha ndalama imene ili kwa munthu wina.

Usiku wa foni ija ndinatenga kope ndi cholembera. Kuti ndipereke mabotolo 3,000 oyamba, ndinayenera kugula mtedza, mabotolo, zivindikiro, malebulo, makatoni, mchere, kulipira antchito ndi galimoto, zonse ndi ndalama yanga. Ndikapereka, ndidikire miyezi iwiri. Koma mkati mwa miyezi iwiriyo sitolo ifunanso oda yachiwiri, ndipo yachitatu iyenera kukhala ili pamakina. Ndiye kuti ndimafunika mpamba wa mabotolo pafupifupi 9,000 ndisanaone tambala imodzi. Ine amene ndinali wosaukitsitsa pa mgwirizanowo ndi amene ndinayenera kukongoza sitolo yaikuluyo, popanda chiwongoladzanja. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ndinawamva bwino usiku umenewo.

Palinso china chokhudza mtedza chimene munthu wa mu ofesi sachidziwa. Mtedza umatsika mtengo nthawi yokolola, kuyambira Meyi mpaka cha mu Julayi. Ikamafika Novembala alimi akufuna mbewu, mavenda atumiza wambiri kunja, mtengo wakwera kutalitali. Wopanga chiponde amene akufuna phindu ayenera kugula mtedza wa chaka chonse m'miyezi itatu, n'kukhala ndi posungira pouma bwino. Ine oda inandipeza mu Okutobala, nkhokwe yanga ili ndi mtedza wokwana bizinesi ya mabotolo 500.

Kenako pa 9 Novembala chaka chomwecho, Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika cha pa K1,700. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu Meyi 2022, anali ataichepetsa kale ndi 25 peresenti. Mtedza timalima konkuno, koma pulasitiki ya mabotolo, inki ya malebulo, mano a makina ndi dizilo zimadalira ndalama zakunja. Mtengo umene ndinagwirizana ndi sitolo mu Okutobala unali utatha kale ntchito ndisanapereke katoni imodzi.

Ndinapita ku banki. Ndinavala suti yanga ya buluu, ndinatenga chiphaso cholembetsera bizinesi, satifiketi ya Malawi Bureau of Standards imene ndinaivutikira chaka chathunthu, ndi kalata ya oda ija. Mnyamata amene anandilandira anali waulemu ndithu. Anayang'ana mapepala onse, n'kufunsa kuti, "Nanga chikole, mayi, muli ndi chiyani?" Ndinamuuza za munda wa ku Mchinji. Kwathu ndife a chikamwini, munda ndi wa amayi anga, ndipo udzakhala wanga ndi achemwali anga. Mudzi wonse ukudziwa zimenezo, a mfumu akhoza kuchitira umboni. Koma mundawo ulibe pepala. Lamulo la malo la 2016 limalola kuti malo a makolo alembetsedwe, koma kalemberayo kwathu anali asanafike. Nyumba ya ku Area 25 ili ndi mapepala, koma m'dzina la bambo a kunyumba, chifukwa ndiwo anagula poloti tisanakwatirane. Ndinatchula makina anga, poti ndinamva kuti kuyambira ndi lamulo la 2013 katundu wosunthika akhoza kukhala chikole. Anamwetulira n'kunena kuti makina ogwirapo kale ntchito mtengo wake ndi wochepa kwambiri kwa iwo.

Ndiye kunabwera funso limene sindidzaliiwala: "Abambo akudziwa za ngongoleyi? Angabwere kudzasayinira?"

Amuna anga ndi munthu wabwino, ndipo akanasayina. Koma ndinadzifunsa kuti, akanakhala iwo atakhala pampando umenewo, kodi akanafunsidwa ngati akazi awo akudziwa? Mafunso ena onse anali a mtundu womwewo. Mukadwala ndani ayendetse? Sitolo ikasiya kugula mutani? Muli ndi ana angati aang'ono? Palibe amene anandifunsa kuti msika wa chiponde ndi waukulu bwanji, kapena kuti ndikufuna kudzafika pati m'zaka zisanu. Patapita nthawi ndinawerenga za kafukufuku wa Dana Kanze ndi anzake, amene anamvetsera mafunso amene oika ndalama m'makampani ankafunsa pa mpikisano wa makampani atsopano wotchedwa TechCrunch Disrupt ku New York pakati pa 2010 ndi 2016. Anapeza kuti mafunso awiri mwa atatu opita kwa amuna anali okhudza kukula ndi kupindula, pamene awiri mwa atatu opita kwa akazi anali okhudza kupewa kuluza. Ofunsa aakazi nawonso ankafunsa chimodzimodzi. Ku America komweko, makampani oyambitsidwa ndi akazi okhaokha amalandira pafupifupi 2 peresenti ya ndalama zimene anthu oterewa amaika m'makampani atsopano. Ndinadabwa kuti mayi wa ku New York, wa kompyuta ndi madigiri, amakumana ndi mafunso amene ine ndinakumana nawo ndi botolo la chiponde m'chikwama. Munthu amene wakhala ola lonse akufotokoza momwe sadzagwera amatuluka m'chipindamo atapempha ndalama yochepa kuposa imene anabwerera.

Ngakhale akanandipatsa, chiwongoladzanja chake chinali choopsa. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu inakweza mlingo wake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezerapo yawo pamwamba. Ndi chakudya chiti chimene phindu lake lingapose pamenepo, uku ukudikira malipiro miyezi iwiri?

Ndinabwerera kwa amayi anzanga a banki m'khonde. Sindidzanyoza gulu limeneli, ndilo linandibereka. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo yadyetsa ndi kuphunzitsa ana ochuluka kuno kwathu. Koma inapangidwira geni ya tomato ndi mandasi, imene ndalama imazungulira pa sabata. Pagulu lathu chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi, ndipo mu Disembala aliyense abweze zonse kuti tigawane. Ndalama yonse ya m'bokosi sikanakwana ndi theka la mtedza umene ndinkafuna, ndipo ndikanaitenga ndekha ndikanatseka njira ya amayi ena 19. Amayi apampando anandiuza mwachikondi kuti, "Asisi, inu mwatipitirira. Kuno tikuthandizani ndi pemphero."

Apa ndifike pa nkhani imene imandivuta kuilemba, chifukwa ikukhudza anthu amene ndimawakonda. Nditakhala pansi kuwerengera zaka zonse zisanu ndi ziwiri, ndinapeza kuti bizinesi yanga inkapanga phindu lokwanira kuti pofika 2023 ndikhale ndi nkhokwe yodzaza ndi makina achiwiri. Ndalamayo inapita kuti? Inagula bokosi pa maliro a malume. Inalipira fizi ya mwana wa achimwene anga ku sekondale. Inagula feteleza wa apongozi zaka zitatu zotsatizana. Inakonzetsa galimoto ya bambo a kunyumba, imene amati ndi ya tonse. Inagula ndiwo tsiku lililonse limene malipiro awo anachedwa. Palibe chimodzi mwa izi chimene ndimanong'oneza nacho bondo pachokha. Koma ndinaona kusiyana. Alamu anga ali ndi shopu ya zipangizo zomangira, ndipo pakagwa vuto pabanja anthu amati, "Musawavutitse, ndalama yawo ili mu katundu." Ndalama ya mwamuna ikakhala mu bizinesi imatchedwa mpamba ndipo imalemekezedwa. Yanga inkatchedwa "kandalama ka chiponde ka mayi", kopezeka nthawi iliyonse, ngati mchere wa kukhitchini. Ndipo ine mwini ndinkaiona choncho. Ndinkaisunga m'foni yomweyo imene ndinkagulira mayunitsi a magetsi.

Izi akatswiri anaziyeza. Ku Sri Lanka, Suresh de Mel, David McKenzie ndi Christopher Woodruff anapatsa eni mabizinesi aang'ono ndalama yaulere. Phindu la amuna linakwera, la akazi ayi. Kwa kanthawi anthu ena ankaganiza kuti mwina akazi sadziwa kuyendetsa ndalama. Kenako gulu lina la ofufuza, mwa iwo Erica Field ndi Rohini Pande, linayang'ananso ziwerengero za ku Sri Lanka, India ndi Ghana, n'kupeza kuti pakhomo pamene mwamuna alinso ndi bizinesi, ndalama ya mkazi imakathera m'bizinesi ya mwamunayo. Pamene mkazi anali yekha wochita bizinesi pakhomo, ndalama inkabala bwino lomwe. Kuno kwathu World Bank inayesa kuthandiza mabizinesi aang'ono kulembetsa ku boma kwaulere. Kulembetsa kokha sikunasinthe phindu. Koma amene anathandizidwanso kukumana ndi a banki n'kutsegula akaunti ya bizinesi payokha, malonda awo anakwera ndi 20 peresenti, phindu ndi 15 peresenti. Ndikukhulupirira chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndalama ikakhala m'dzina la kampani, mayi amapeza mawu oti anene mlamu akabwera: ndalamayo si yanga, ndi ya kampani. Pachikhalidwe chathu mkazi wokana m'bale amatchedwa woumira, wodzimva, woiwala kwawo. Akaunti imakana m'malo mwake.

Vuto lina linali m'manja mwangamu. Pa mabotolo 500, njere iliyonse ya mtedza inkadutsa pamaso panga. Ndimadziwa mtedza wofwifwa, wobooka, wamakwinya, umene uli ndi chuku. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Chimabwera mtedza ukaumitsidwa pansi ponyowa, kapena alimi akauwaza madzi kuti usendeke msanga. Mtedza wa amayi anga ndinkaudziwa kuyambira m'munda. Koma mabotolo 3,000 amafuna mtedza wa alimi ambirimbiri osawadziwa, ndi manja ambiri osankha. Sabata yoyamba nditalemba amayi ena anayi, ndinkabwereza lichero lililonse limene asankha, mpaka pakati pa usiku. Mmodzi wa iwo, wamkulu kwa ine, anandiuza poyera kuti, "Madamu, ngati simutikhulupirira tiuzeni tizipita. Ife mtedza tinayamba kusankha inu musanabadwe." Ananena zoona. Ndinayenera kuphunzira kulemba papepala zimene zinali m'mutu mwanga: mtedza wotani utayidwe, ukazingidwe mphindi zingati, mchere ulowe wochuluka bwanji, sampulo ipite liti kokayezetsa. Ndinayeneranso kuphunzira kudzudzula wantchito amene ndimapemphera naye mpingo umodzi, ndi kuchotsa ntchito mwana wa msuweni wanga amene ankabwera mochedwa tsiku ndi tsiku. Mwamuna akachita zimenezi amati ndi bwana wodziwa ntchito. Ine nkhani inakafika kumudzi kuti tauni yandisintha mtima.

Ndipo tsiku la mayi silitalika chifukwa oda yakula. Magetsi akabwera 10 koloko usiku, makina ayake nthawi yomweyo, monga tinkachitira chaka chonse cha 2022 namondwe Ana atawononga ku Kapichira. Mmawa 5 koloko mwana akufuna phala ndi yunifolomu yosita. Wodwala akagonekedwa kuchipatala, wodikirira ndi mkazi. Kumaliro amuna amafika, kupepesa, kupereka chipepeso n'kubwerera ku ntchito. Ife timagona kusiwa masiku awiri, kuphika ndi kutunga madzi. Palinso zinthu zambiri za bizinesi zimene zimakambidwa madzulo, kumalo kumene mayi wapabanja akapezekako mawa lake dzina laipa. Kumeneko ndi kumene amuna amauzana kuti dola ikupezeka kwa ndani, ndani akufuna womupatsa katundu, ndani angakongoze galimoto.

Nthawi zina ndimadzilimbitsa mtima poganizira Tabitha Karanja wa ku Kenya. Iye ndi amuna ake anayamba kampani ya Keroche ku Naivasha mu 1997, akupanga vinyo wotsika mtengo wa anthu wamba. Mu 2008 anatulutsa mowa wa Summit Lager, kulowa msika umene East African Breweries, kampani imene mizu yake ndi ya mu 1922, inaugwira pafupifupi yokha kwa zaka makumimakumi. Anamanga fakitale ya mabiliyoni a ndalama za ku Kenya. Koma ngakhale atafika pamenepo nkhondo sinathe: anakhala zaka zambiri akulimbana ndi bungwe lotolera misonkho la dzikolo, mpaka mu 2022 fakitale inatsekedwapo, chaka chomwe iye anasankhidwa kukhala senata wa Nakuru. Amene anali wolondola pa milanduyo si nkhani yanga. Chimene ndimatolapo n'chakuti msinkhu uliwonse uli ndi chilombo chake. Ukakhala wamng'ono palibe amene amakuona; ukangoonekera, akuluakulu a pamsika amatsitsa mitengo, amagula malo abwino pa shelefu, ndipo mapepala a boma amachuluka.

Kuno kwathu mayi Joyce Banda anayambitsa National Association of Business Women mu 1990, ndipo kuchokera nthawi imeneyo amayi miyandamiyanda aphunzitsidwa bizinesi n'kulandira tingongole toyambira. Ntchitoyo inali yofunika. Koma papita zaka zoposa 30, ndipo mukalowa m'sitolo zazikulu n'kuwerenga malebulo, mupeza makampani angati a amayi a ku Malawi amene ali ndi antchito 100? African Development Bank inanenapo kuti amayi a bizinesi mu Africa akupereweredwa ndalama zokwana madola 42 biliyoni. Ine ndikuganiza kuti mbali yaikulu ya dzenje limeneli ili pakati pomwe ndinaima ine. Ndakhalapo m'maphunziro ambiri a masiku atatu ku hotela, kuphunzitsidwa kulemba pulani ya bizinesi kachisanu ndi chimodzi, pamene chimene ndinkasowa chinali munthu woti ayang'ane invoisi, pepala losonyeza ndalama imene sitolo yodziwika iyenera kundilipira, andipatse gawo lalikulu la ndalamayo lero, n'kukatenga yake pakatha masiku 60. M'maiko ena imeneyi ndi ntchito wamba ya mabanki. Kapena lamulo loti sitolo zazikulu zizilipira opanga katundu aang'ono mkati mwa mwezi umodzi. Kapena nkhokwe yodalirika kumene ndingasunge mtedza wanga n'kulandira risiti imene banki ingaivomere. Izi si zachifundo, ndi mipope imene madzi amadutsamo.

Za oda ija, ndinachita chinthu chimene chinandipweteka mtima kwambiri. Ndinapita kwa bambo wa ku sitolo uja n'kumuuza kuti mabotolo 3,000 sindingathe. Ndinapempha 1,200, nthambi za ku Lilongwe zokha, ndi mtengo watsopano chifukwa cha kugwa kwa kwacha. Anakwinya nkhope, n'kunena kuti mwayi wotere anthu amaulirira. Pa masiku 60 sanasunthe, koma zinazo anavomera. Ngakhale choncho Januwale wa 2024 anali wowawa. Malipiro oyamba anachedwa ndi masabata atatu kupitirira tsiku lake, antchito akudikira. Ndinapita kwa wakatapila kamodzi, ndinagulitsa firiji yaikulu ndi makina osokera amene anandisiyira agogo.

Amene anandipulumutsa ndi alimi. Amayi anga anaitanitsa amayi a kalabu ya kumudzi pansi pa mtengo wa mango, n'kuwafotokozera. Amayi 14 anavomera kundipatsa mtedza umene anasunga, kuti ndidzalipire sitolo ikandilipira, pa mtengo woposerako wa mavenda. Panalibe pepala lililonse kupatula kope la sukulu limene mlembi wawo analembamo maina ndi makilogalamu. Anthu amene alibe akaunti ku banki ndi amene anakongoza kampani yanga mpamba umene banki inaukana. Nditapita kukawalipira mu Malichi, mmodzi anawerenga ndalama yake kawiri, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje, n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, chaka chino tilima wambiri. Koma usadzatisiye ukadzalemera."

Nditabwerako ndinatsegula akaunti m'dzina la kampani, yofuna masiginecha awiri, yanga ndi ya mtsikana wowerengera ndalama amene amabwera kawiri pa sabata. Ndinadziikira malipiro apamwezi ngati wantchito wina aliyense. Zothandiza abale zimachokera pamenepo, zikatha zatha. Kukambirana zimenezi ndi bambo a kunyumba kunatenga mausiku angapo, ndipo apongozi anakhala miyezi iwiri osandiimbira foni.

Pano tikupanga mabotolo 1,800 pamwezi, tili anthu 11, ndipo tinasamuka pakhonde kupita m'kanyumba ka lendi ka zipinda zitatu. Sabata yatha bambo uja anaimbanso, akufunsa ngati tsopano ndingayambe kupereka ku Blantyre. Ndinawapempha kuti andipatse mpaka Lachisanu. Kope lili pathebulo pano, ndipo ndawerengera kale kawiri: mtedza umene uli m'nkhokwe ungatifikitse mu Febuluwale, ndipo pakufunika matumba ena 90 kuti tikafike nthawi yokolola. Mawa m'mamawa ndikukwera minibasi ya ku Mchinji kukafunsa amayi a kalabu ngati alipo amene anasungako.